Carcassonne: tinagona mkati mwa linga usiku umodzi, kunja mausiku awiri, nde mvetserani

Chibwerereni anthu akhala akundifunsa za zithunzi zija tinajambulitsa ndi amayi patsogolo pa chimpanda chamiyala cha mzinda wa Carcassonne ku France, ena ku tchalitchi ena ku banki mkhonde kwathu kuno ku Chankhanga, ndipo dzana mayi wina amene mwana wake akuphunzira konko wandiimitsa pamsika wa Kasungu kuti mundiuze bwinobwino munagona pati chifukwa nafenso chaka chamawa tikufuna tikaponde. Nde ndati bola ndingolemba zonse kamodzi.

Ife tinapita kukaona khanda. Mng'ono wanga amakhala ku Toulouse ndi alamu, anachira mu Meyi, ine ndi amayi tinafika mu Juni. Titakhala masabata awiri alamu anati simungabwerere ku Malawi musanaone Carcassonne, ndi pafupi, pa sitima ndi ola limodzi basi. Iwo sakanatha kutiperekeza chifukwa cha ntchito ndi mwana, nde zobukitsa malo ogona zinagwera ine ndi mng'ono wangayo pa foni usiku mwana akagona. Apa mpomwe panali mutu woyamba, chifukwa ukalemba Carcassonne pa intaneti mahotela amabwera mbwee ndipo onse amati tili pafupi ndi linga, zithunzi zonse ndi za linga lomwelo, koma Carcassonne ndi matauni awiri. Kuli Cité, mzinda wakalekale uja wa pachitunda wozunguliridwa ndi mipanda iwiri, kenako kutsidya kwa mtsinje wa Aude kuli tauni yakumunsi amati Bastide Saint-Louis komwe kuli siteshoni ya sitima, mabanki, mashopu ndi anthu eniake. Pakati pa ziwirizi, mmunsi mwenimweni mwa chitunda, pali kadera kena amati Trivalle. Ukapanda kudziwa zimenezi ubukitsa malo oti pafupi ndi siteshoni poganiza kuti ukatsegula chitseko uponda linga, pomwe kuchoka pa siteshoni kukafika kuchipata ndi theka la ola wapansi, chakumapeto kuli kokwera.

Ine mtima wanga unali mkati. Ndinati tachoka kutali, basi kuchokera pa Kasungu, ndege pa KIA, kusintha ku Addis Ababa, nde tikagone kunja kwa mpanda? Mng'ono wanga anati asisi mkatimo ndi modula komanso maondo a amayi muwaganizire. Tinagwirizana zogawa, usiku umodzi mkati, mausiku awiri ku Trivalle. Mayina a malo onse awiri sinditchula chifukwa pali zina ndidandaule, koma ndifotokoza mmene analili kuti mukamasankha mudziwe zofunsa.

Ya mkati inali hotela yaing'ono, nyumba yakale yamiyala mkanjira kopapatiza. Musasokoneze ndi Hôtel de la Cité ija inatsegulidwa mu 1909 pafupi ndi tchalitchi chachikulu, imeneyo tinangoidutsa panja, ndi ya anthu a matumba akuya. Yathuyi mtengo wake wa usiku umodzi unangotsala pang'ono kufanana ndi mausiku awiri a kunja aja kuphatikiza. Takisi inatitula panja pa chipata chachikulu chotchedwa Porte Narbonnaise, dalaivala nkutilozera ndi dzanja kuti kuyambira apa ndi miyendo, magalimoto samangolowa chisawawa masana. Apa nde vuto linayambira. Njira zonse zamkati ndi zoyala miyala yobulungira, yoterera chifukwa chopondedwa zaka zambirimbiri, ndipo sutikesi yamatayala siyenda, imangodumpha nkumapindika. Inali cha mma 2 masana, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pikitipikiti ngati tsiku lotsegulira msika wa fodya kwa Chinkhoma, ana ndi malupanga apulasitiki, mashopu a maswiti ndi zidole mbali zonse, ine dzanja limodzi sutikesi lina ndagwira amayi. Kabaza kulibe, wonyamulitsa katundu kulibe. Nditafika ku risepushoni mpomwe mtsikana wa pamenepo akundiuza kuti tikanaimba foni akanatithandiza za katundu. Zimenezo mu uthenga wotsimikizira bukingi munalibe, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa amayi anafika akupuma mwabefu. Nde inu mukabukitsa mkati, lembani kapena imbani tsiku lisanafike mufunse kuti katundu alowa bwanji, galimoto ngati mwabwereka muisiya kuti, chifukwa pakingi ili kunja kwa mpanda ndipo ndi yolipira.

Chachiwiri masitepe. Chikepe munalibe. Chipinda chathu chinali pamwamba, masitepe amatabwa okhotakhota opapatiza moti awiri simungadutsane. Amayi anakwera akupumira kawiri, atafika anakhala pabedi nkunena kuti mwanawe ine ndikatsika pano ndikweranso kamodzi kokha pogona, usandizunguze. Sindiwanena eni hotela pa nkhani ya chikepe, nyumba za mmenemo ndi zotetezedwa sungangogumula khoma, koma akanalemba poonekera pa tsamba lawo osati kubisa pansi penipeni mtizilembo ting'onoting'ono.

Chipinda chenichenicho chinali chaukhondo, apa ndisaname. Zofunda zoyera mbee, matawelo onunkhira bwino, madzi otentha mu shawa nthawi iliyonse. Koma kuchepa kwake, mabedi awiri ang'onoang'ono ndi kampata koti udutse chammbali, sutikesi tinaitsegulira pabedi. Eyakoni munalibe, kafani kokha, nde masana munali ngati mu balani ya fodya, mwayi wake makoma ndi ochindikala usiku munazizirirapo. Ketulo munalibe, ndipo amayi osamwa tiyi madzulo tulo sabwera, tinachita kukapempha madzi otentha pansi, anatipatsa mwaulemu ndithu. Masoketi awo ndi a timabowo tiwiri tozungulira, pulagi yathu ya mano atatu silowa, tengani adaputa kuchokera kuno. Ndipo chimene chinandikhumudwitsa kwambiri nditatsegula windo, ndinaona khoma la nyumba ina ndi matebulo a lesitilanti pansi. Linga lija ndalipirira ndalama zonsezi silimaoneka olo pang'ono. Zili ngati phiri la Kasungu, kukongola kwake umakuona ukamachokera ku Lilongwe pa M1 lili poteropo, ukakwera pamwamba umangoona miyala ndi tchire lomwe waponda.

Mpaka apa mwina mukuti nde ndalama zinapita mmadzi. Ayi. Dikirani kufike madzulo.

Nthawi yotentha kumeneko dzuwa limachedwa kulowa, 9 koloko usiku kunja kukadali kowala, amayi anachita kundifunsa kawiri ngati wotchi ya pafoni ili bwino. Kuyambira cha mma 6 mabasi a alendo amayamba kunyamuka, mashopu a zidole aja kutseka, pofika mma 10 mzinda wonse uli zii, mwatsala inu ogona momwemo ndi amphaka. Anthu okhaliratu mkatimo ndi ochepa zedi. Nditawagoneka amayi ndinatsika ndekha, ndinakayenda pampata uja uli pakati pa mipanda iwiri, eni ake amati lices. Abale, pamenepo nde ndinamva kuti ndafika. Magetsi amawalitsa makoma kuchokera pansi, nsanja zili ndandanda, zonse pamodzi zilipo 52 ndipo mipandayo kutalika kwake ndi makilomita atatu, kamphepo kakuomba, phazi langa lokha likumveka. Makolo athu nawo ankamanga malinga nthawi ya nkhondo za Angoni, agogo ankatisimbira, koma anali a mitengo ndi dothi nde anatha ndi chiswe ndi mvula. Apa ndinagwira khoma ndi dzanja, mbali zina zapansi ndi za nthawi ya Aroma, timiyala ting'onoting'ono ndi mizere ya njerwa zofiira, ndinaima nthawi yaitali osafuna kubwerera kukagona. Sindinaope chilichonse, ndinakumana ndi mabanja awiri atatu akuyenda mwakachetechete ngati ine.

Mmawa ndinawadzutsa amayi 6 koloko, anthu akumudzi kulawira si nkhani. Tinatsika pang'onopang'ono, mnjira muli ma vani okha obweretsa buledi ndi zakumwa chifukwa mmawa ndi pomwe amaloledwa kulowa. Tinakakhala pabenchi pafupi ndi tchalitchi cha Saint-Nazaire kudikira atsegule, titalowa dzuwa linali likubwera kudzera mmagalasi amitundumitundu aja, ofiira, obiriwira, a buluu, kuwala kwake kugwera pansi pamiyala. Amayi ndi a chigwirizano ku CCAP, tchalitchi ndi cha Akatolika, koma anagwada napemphera ndithu, potuluka akupukuta mmaso. Anati mwanawe anthu amenewa anamumangira Mulungu ndi mtima wonse. Maola awiri amenewo, usiku uja ndi mmawa uno, ndi zomwe unagula ukalipira chipinda cha mkati. Bedi, shawa, windo, zonsezo kunja ziliko zabwino kuposa.

Bulekifasi sinali mu mtengo wa chipinda, ndi yolipira padera, ndipo ndi buledi, croissant, jamu, yogati, juwisi ndi khofi. Buledi wake ndi wokoma kwabasi koma kwa munthu wozolowera mbatata kapena phala pofika 10 koloko mmimba muli pululu. Potuluka pa bilu panalinso kandalama kena kapamwamba amati taxe de séjour, msonkho wa alendo, amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse. Si kambiri ndipo si kuba ayi, ndi lamulo, ku Trivalle tinalipiranso, ndangoti mudziwiretu musakakangane ndi wa pa risepushoni.

Tisanatuluke tinasiya katundu pa risepushoni nkukalowa mu Château Comtal, nyumba ya mafumu a banja la Trencavel ya mzaka za mma 1100. Kulowa mu Cité ndi ulere usana ndi usiku, koma nyumbayi ndi kuyenda pamwamba pa mpanda nde kumafuna tikiti. Amayi anatsala pabwalo pamthunzi, ine ndinakwera. Mmenemo ndi momwe ndinamvera bwino nkhani ya 1209, pomwe asilikali ochokera kumpoto otumidwa ndi Papa kudzathana ndi a chipembedzo cha Cathar anazinga mzindawu mu Ogasiti. Mipanda sinagwe, chinawagonjetsa ndi madzi, adani anatseka njira yakumtsinje kunja kukutentha mkati mutadzaza anthu othawa. Mfumu yake Raymond-Roger Trencavel anamugwira atatuluka kukakambirana, anafera mndende chaka chomwecho, anthu onse anawatulutsa chimanjamanja, mzinda nkupatsidwa kwa Simon de Montfort, mmodzi mwa atsogoleri a asilikaliwo. Nditawafotokozera amayi anangoti ludzu silionera mpanda, ndipo anakhala chete kanthawi, ndikudziwa amaganiza za zaka zija zitsime zinauma kumudzi. Chinanso chomwe sindimadziwa, linga lonseli linatsala pang'ono kugumulidwa. Malire ndi Spain atasunthira kummwera mu 1659 linasiya kukhala lofunika pankhondo, linayamba kugumuka, amphawi anamanga tinyumba mmpata muja ndinayenda usiku. Anthu ngati Jean-Pierre Cros-Mayrevieille ndi Prosper Mérimée ndi omwe analimbikira kuti lisungidwe, kenako katswiri wa zomangamanga Viollet-le-Duc anayamba kulikonza mu 1853, madenga osongoka mukuwaona pazithunziwo ambiri ndi ake ndipo ena ankamunena kuti anaika madenga a kumpoto pa nyumba ya kummwera. Bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1997.

Tsopano ku Trivalle. Kutsika kwake ndi mphindi khumi kapena kupitirira pang'ono poyenda ndi munthu wamkulu. Awa sanali hotela yeniyeni, ndi nyumba ya mayi wina wachikulire amene amabwereketsa zipinda, ife tinatenga chapansi chokhala ndi kakhitchini. Takisi imafika pakhomo penipeni. Sitepe imodzi yokha. Chipinda chachikulu kawiri kuposa chija, firiji, ketulo, mbaula yamagetsi ya mapuleti awiri, mapoto, eyakoni. Mayiyo Chingerezi chake chinali chochepa, ine Chifalansa changa ndi bonjour ndi merci, koma foni inatimasulira ndipo tinamvana bwinobwino. Mwa njira, bonjour ameneyu musamuiwale, kulikonse mukalowa yambani ndi moni musanafunse kanthu, ndi anthu osunga mwambo wa moni ngati ife tomwe.

Kuseli kunali kabwalo ka mipando iwiri. Mdima utagwa magetsi atayaka tinatukula maso, linga lonse lili pamwamba pathu kuchokera uku mpaka uko, lachikasu ngati golide. Chithunzi chija ndinachifuna pawindo la mkati ndinachipeza kuno pa theka la mtengo. Tinanyamulako ufa pang'ono pa womwe tinawatengera a ku Toulouse, nde usiku umenewo ndinaphika nsima, ndiwo mazira ndi tomato, tinadyera pabwalopo tikuyang'ana nsanja. Mayi mwini nyumba anabwera kudzasuzumira mpoto, analawa kambamu kamodzi, mawa lake anatibweretsera ma apurikoti mmbale.

Nkhani ya chakudya ndi chifukwa china chomwe kunja kumaposera. Mkati mwa Cité malesitilanti ambiri ndi a alendo, mitengo yokwera, olo botolo la madzi. Langizo, mu lesitilanti mukapempha carafe d'eau amakupatsani madzi apampopi mu jagi ulere ndipo ndi abwino kumwa. Komanso ambiri amaphika nthawi zake, nkhomaliro 12 mpaka 2, mgonero kuyambira mma 7, ukafika 4 koloko upeza khitchini yotseka, nde kukhala ndi mbaula yako kumathandiza. Cassoulet tinailawa kamodzi mu msewu wa Trivalle momwemo, ndi nyemba zoyera zophikidwa nthawi yaitali mu mbale yadothi pamodzi ndi nyama ya bakha, soseji ndi nkhumba. Amayi anati nyemba zafewa bwino koma mafuta achuluka, mbale imodzi tinadya awiri nkukhuta.

Loweruka mmawa tinaoloka Pont Vieux, mlatho wakale wamiyala wa mzaka za mma 1300, pano ndi wa oyenda pansi okha, kupita ku msika wa pa Place Carnot mu Bastide. Msikawu umakhalako Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Kumeneko nde kuli moyo weniweni, azimayi ndi madengu, tomato, anyezi, adyo, mavwende, tchizi, azigogo akumwa khofi mmbali. Ine monga wa geni ya soya ndi mtedza ndinazungulira benchi iliyonse kuona mmene amayalira katundu, chilichonse chili ndi kachikwangwani ka mtengo ndi komwe chachokera, zonenerera palibe. Ku Bastide sitinagoneko nde za zipinda zake sindinena, koma ndinaona kuti ndi kwa fulati, misewu yowongoka ngati mizere ya mmunda, siteshoni ili pompo moyang'anana ndi Canal du Midi, ngalande ya makilomita 240 ija inakumbidwa mzaka za mma 1600 motsogozedwa ndi Pierre-Paul Riquet. Amene mukubwera pa sitima ndi katundu wambiri kapena mukufuna kumadzuka kupita matauni ena, kumeneko kungakuyanjeni, kungoti linga muzichita kuliyendera.

Zodandaula za ku Trivalle zilipo ziwiri. Risepushoni ya usiku wonse kulibe, umayenera kugwirizana ndi mwini nyumba nthawi yofikira kuti akupatse kiyi, sitima ikachedwa uziimba. Ndipo chitunda chija ukafuna kubwerera mu Cité uyenera kuchikwera, amayi anakwera kamodzi basi ulendo wachiwiri anati pita wekha undipeza. Wi-Fi nayo imadukaduka kuchipinda, kuimba pa WhatsApp kuno kumudzi timachita kutulukira pabwalo.

Nde mayi munandifunsa pamsika aja, yankho langa ndi ili. Ngati muli ndi munthu wamkulu, mwana wapangolo kapena masutikesi akuluakulu, gonani ku Trivalle, pofunsa nenani kuti mukufuna chipinda chapansi komanso choona linga, ndipo akutumizireni chithunzi chojambulidwa pawindo la chipindacho osati cha pa intaneti. Zipata za Cité sizitsekedwa, mutha kukwera 10 koloko usiku kapena mbandakucha nkupeza bata lomwe lija ndinalipeza ine. Ngati muli awiri amiyendo yolimba ndipo thumba likulola, usiku umodzi mkati ndi wokwanira, nyamulani kachikwama kakumsana kokha. Ndipo yang'anani deti, pa 14 Julaye amaphulitsa makombola pamwamba pa linga, mwezi womwewo kumakhalanso zoimbaimba, anthu amachita kusefukira, malo amatha miyezi isanakwane ndipo mitengo imakwera. Ife tinachoka kutatsala masabata awiri, mayi mwini nyumba anatiuza kuti chipinda chathucho chinabukitsidwa kalekale.

Tsiku lonyamuka ndinakwera komaliza ndekha mmamawa kukajambula chosema cha Dame Carcas chili pa Porte Narbonnaise paja, tsiku lofika sindinachione nkomwe chifukwa cha sutikesi. Nthano yake amati mzinda utazingidwa chakudya chitatha, mayiyu anatenga nkhumba yotsala yokhayo nkuidyetsa tirigu womaliza, nkuiponya kunja kwa mpanda, adani poona kuti mpaka nkhumba zikudya tirigu anaganiza kuti nkhokwe zikadali zodzaza nde anapasula misasa nkumapita, iye nkuliza mabelu. Ndi nthano chabe koma amayi anaikonda kuposa zonse, mu sitima yobwerera ku Toulouse anandiuza kuti ndiwabwerezere kawiri kuti akaisimbe bwino ku chigwirizano, ndipo Lachinayi lapitali aisimbadi.